Momwe mungasankhire SSD yotsika mtengo osataya ndalama

Laputopu zambiri zomwe zili m'maofesi, m'makoleji ndi m'makomo mwathu zidabwera zitagwirapo kale ntchito kunja. Ndi ma Dell Latitude aja, ma HP EliteBook, ma ThinkPad a Lenovo. Makina ake ngolimba ndithu, koma zochuluka zikadali ndi hard disk yakale ya mbale zozungulira, ndipo imeneyi ndiyo imakudikiritsani mphindi zingapo Windows isanatseguke. Kuichotsa n'kuikapo SSD, disiki yosunga mafayilo m'timachipu m'malo mwa mbale zozungulira, ndi njira yosaboola m'thumba yodzutsira kompyuta yotere.

SSD yakeyo siyenera kukhala yodula ayi. Hard disk ya m'laputopu imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi zinthu zikakhala bwino, ndipo ikamafufuza timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri, monga zimakhalira kompyuta ikamayaka, liwiro limatsikiratu chifukwa kasingano kake kamayenera kuyendayenda pambale. SSD ilibe chozungulira, fayilo imaipeza nthawi yomweyo. Phindu lalikulu lili pamenepo, ndipo SSD iliyonse yeniyeni imalipereka. Pa ntchito zolemba, Excel ndi intaneti, kusiyana kwa SSD yotchipa ndi yodula n'kochepa moti ambiri sangakuzindikire. Chomwe chimatayitsa anthu ndalama ndi kugula SSD yosalowa m'kompyuta yawo, kapena kugwidwa ndi yachinyengo.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi disiki

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patseguka Task Manager. Pitani pa Performance. Pa Disk 0 muona palembedwa HDD, kutanthauza hard disk, kapena SSD. Ngati ndi HDD ndipo ikukhala pa 100% kwa nthawi yaitali pomwe inu simukuchita chilichonse cholemera, mwapeza matenda. Yang'ananinso pa Memory. Kompyuta ya 4GB ya RAM, malo oikapo kwakanthawi zomwe ikugwirapo ntchito, idzapepuka ndi SSD, koma mukatsegula masamba ambiri a Chrome idzapumirabe m'mwamba, choncho ngati ndalama ilipo ganizirani zokwezanso RAM kufika pa 8GB. Ngati palembedwa kale SSD, vuto lanu lili kwina, sungani ndalamazo.

Zaka za kompyutayo nazonso muziganizire. Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso, pa makina a Intel, purosesa ya m'badwo wa 8 kapena yaposachedwa. SSD singasinthe zimenezi. Laputopu ya m'chaka cha 2012 muipatse SSD yaing'ono yotchipa basi, mwinanso ndi Linux Mint m'malo mwa Windows, osati kuthirapo ndalama zomwe zikadathandiza kugula ina.

Dziwani SSD yomwe ingalowe

Apa ndi pomwe pamafunika kudekha, chifukwa ma SSD ali m'mitundu ingapo yosalowererana.

Mtundu wodziwika kwambiri ndi wa mainchesi 2.5 wa SATA, dzina la njira yomwe umalumikizikira ku kompyuta. Ndi kabokosi kopyapyala, kochindikala 7mm, kofanana msinkhu ndi hard disk ya m'laputopu, ndipo kamalowa pomwe pachoka hard disk ija popanda china chowonjezera. Ngati Task Manager yakuuzani kuti muli ndi HDD, mtundu uwu ulowa ndithu. Ma ThinkPad T430 ndi X230, Dell Latitude E6430, ngakhale MacBook Pro ya 2012 yokhala ndi polowetsa DVD, onsewa amalandira umenewu. Pa kompyuta ya padesiki mufunikanso kawaya ka SATA kopita ku motherboard, thabwa lalikulu la m'kati mwa kompyuta, ndi kena ka magetsi kochokera ku power supply. Koyambako nthawi zambiri sikabwera m'bokosi la SSD, ndiye funsani pogula.

Mtundu wachiwiri ndi M.2, kathabwa kakang'ono kopanda chikuto komwe kamalowa mwachindunji pa motherboard n'kumangidwa ndi kachomangira kamodzi. Nambala ya 2280 yomwe mumaiona imatanthauza 22mm m'lifupi ndi 80mm m'litali. Palinso 2242 ndi 2230, zazifupi. Msampha uli poti M.2 ndi maonekedwe chabe, m'kati mwake muli mitundu iwiri: ina imayendera SATA, ina NVMe, njira yatsopano yothamanga kwambiri. Kuziona zimafanana. Ya SATA kawirikawiri imakhala ndi mipata iwiri pamano ake agolide, ya NVMe mpata umodzi. Koma kulowa kokha sikutanthauza kuti igwira ntchito. Pali malaputopu omwe polowetsa pake pamalandira SATA yokha, ena NVMe yokha, ena zonse. Mukaika yolakwika, kompyuta imangokhala ngati simudaikemo kanthu.

Ndiye musadalire maso a wogulitsa. Tembenuzani laputopu, lembani dzina lake lonse ndi nambala yake, mwachitsanzo EliteBook 840 G3 osati HP basi. Kenako funafunani pa intaneti buku lake lokonzera. HP imalitcha Maintenance and Service Guide, Lenovo imati Hardware Maintenance Manual, Dell imati Service Manual kapena Owner's Manual, ndipo onsewa ngaulere. M'menemo mupeza mitundu ya disiki yomwe makinawo amalandira, ndi zithunzi za kamasulidwe kake. EliteBook 840 G3 yomwe ndatchulayi ili ndi malo awiri, a mainchesi 2.5 ndi a M.2 2280, moti mutha kuika SSD pa M.2 n'kusiya hard disk yakale kuti izisunga mafilimu ndi zithunzi.

Mukatsegula pansi pa laputopu n'kuona kathabwa kakang'ono kolumikizidwa ndi timawaya tiwiri, takuda ndi toyera, kameneko ndi ka Wi-Fi. Malo ake amafanana ndi a M.2 koma si a SSD. Malaputopu ena a pakati pa 2011 ndi 2015 ali ndi mSATA, mtundu wina wakale womwe sugwirizana ndi M.2. Ndipo timalaputopu totchipa kwambiri, monga HP Stream ya 32GB kapena 64GB, timakhala ndi chosungira mafayilo chotchedwa eMMC chowotcherera pa motherboard, chosachotseka. Ma MacBook ambiri oyambira 2016 nawonso SSD yake ndi yowotcherera. Pa amenewa palibe choti mugule.

Kompyuta ikakhala yolandira zonse ziwiri, SATA ndi NVMe, tengani NVMe. Masiku ano mitengo yake imayandikana, ndipo nthawi zina NVMe ndiyo imatchipa.

Ikhale yaikulu bwanji

Tsegulani This PC muone malo omwe mwadzaza kale pa disiki C. Ya 120GB kapena 128GB ipeweni ngakhale mtengo wake ukukopeni. Windows 11 payokha imafuna disiki yosachepera 64GB, ndipo mukaikapo Office, ma update ndi mafayilo a WhatsApp, pakutha pa miyezi ingapo mudzakhala mukufufuta zinthu tsiku ndi tsiku. Ya 240GB kapena 256GB imakwana kwa munthu wolemba ndi kuwerenga basi. Ine ndimalimbikitsa ya 480GB mpaka 512GB, chifukwa mtengo wake suwirikiza kawiri, komanso SSD yaikulupo imalemba msanga ndi kukhalitsa poti ili ndi malo ambiri ogawirapo ntchito. Ojambula maukwati, ma DJ ndi okonza mavidiyo ayambire pa 1TB.

Musadabwe mukaona ya 500GB ikuonetsa 465GB, kapena ya 1TB ikuonetsa 931GB. Sadakubereni. Opanga amawerenga ndi 1000, Windows imawerenga ndi 1024.

Zolembedwa pabokosi

Nambala yaikulu pabokosi imakhala ya liwiro, ndipo ndiyo yosafunika kwenikweni. SSD zonse za SATA zimathera pafupifupi pa 550MB pa sekondi, chifukwa njira ya SATA III ndi pomwe imalekezera. Pa kompyuta yakale ya SATA II mupeza theka la pamenepo, komabe kusintha mudzakuona. NVMe imayendera njira ya PCIe, yomwe ili m'mibadwo: ya PCIe 3.0 imafika pafupifupi 3500MB pa sekondi, ya PCIe 4.0 pafupifupi 7000MB. Mukaika ya PCIe 4.0 pamalo a PCIe 3.0 igwira ntchito bwinobwino, koma pa liwiro la 3.0. Laputopu za m'badwo wa 6 mpaka wa 10 wa Intel zimathera pa 3.0, ndiye kulipira zambiri chifukwa cha 7000 wolembedwa pabokosi n'kugula liwiro lomwe simudzaliona.

Chofunika kufunsa ndi DRAM, ka RAM kakang'ono ka m'kati mwa SSD. SSD iliyonse imasunga kaundula wa komwe chidutswa chilichonse cha fayilo chakhala. Yokhala ndi DRAM kaundulayu amakhala pafupi, monga wogulitsa m'sitolo yemwe kabuku ka katundu kali m'thumba la malaya, pomwe yopanda DRAM imachita kukakatenga kuchipinda chakumbuyo. Opanga amachotsa DRAM kuti mtengo utsike. Pa NVMe izi sizidetsa nkhawa, chifukwa imabwereka kachigawo kakang'ono ka RAM ya kompyuta kudzera m'njira yotchedwa HMB. N'chifukwa chake WD Blue SN580 ndi Samsung 980 zilibe DRAM koma zimathamanga bwino. SATA ilibe njira yobwerekayi. SSD ya SATA yopanda DRAM, monga Kingston A400 kapena Crucial BX500, imaposabe hard disk kutalitali, koma ikadzaza kapena ikapanikizika ndi ntchito zingapo nthawi imodzi imatha kumagwiragwira. Ngati kusiyana kwa mtengo n'kochepa, pa SATA sankhani ya DRAM, monga Samsung 870 EVO kapena Crucial MX500 komwe ikupezekabe. Ngati kusiyanako n'kwakukulu ndipo laputopu ndi yolembera ma assignment, A400 ikwana, musadandaule.

Kenako pali TLC ndi QLC. Kachipinda kalikonse ka m'kati mwa SSD kamasunga tizidutswa ta data totchedwa ma bit, atatu pa TLC, anayi pa QLC. Kupanikiza zambiri m'kachipinda kamodzi kumatsitsa mtengo, koma kumachedwetsa kulemba ndipo kachipindako kamatha msanga. Pofuna kubisa kuchedwaku, ma SSD amapatula malo ena olandirira zinthu mwachangu. Mukamakopera fayilo yaing'ono zonse zimaoneka bwino. Mukakopera ma GB ambirimbiri nthawi imodzi, malo aja amadzaza, ndipo ya QLC imatha kutsika mpaka pafupifupi 100MB pa sekondi, liwiro la hard disk yomwe mwaithawa ija. Samsung 870 QVO ndi Crucial P3 ndi za QLC. Sizoipa kwa munthu wongosunga n'kumawerenga, koma wokopera mavidiyo a ukwati tsiku lililonse azipewe. Mitengo ikafanana, TLC ndiyo yotenga.

Chovuta n'chakuti pa ma SSD otchipa kwambiri bokosi silinena. Ena, monga Kingston NV2, amadziwika kuti zam'kati mwake zimasinthasintha ngakhale dzina lili lomwelo: lero TLC, gulu lotsatira QLC. Pamenepo chokuthandizani ndi nambala ya TBW, yomwe imanena kuchuluka kwa ma TB omwe kampani ikulonjeza kuti mutha kulemba SSD isanathe mphamvu. Kingston A400 ya 480GB ili ndi 160 TBW ndi waranti ya zaka 3. Crucial MX500 ya 500GB ili ndi 180 TBW ndi zaka 5. Samsung 870 EVO ya 500GB ili ndi 300 TBW, zakanso 5. Pa NVMe za 1TB, SN580 ili ndi 600, NV2 ili ndi 320, P3 ili ndi 220. Manambalawa asakuopseni. Munthu wolemba 20GB tsiku lililonse, zomwe ndi zambiri kwa wa muofesi, angatenge zaka zoposa 20 kuti amalize 160 TBW. Phindu la TBW ndi kukuuzani momwe kampani ikukhulupirira katundu wake. SSD yosatchula TBW paliponse, ngakhale pa tsamba la opanga, ine sindiigula.

Kogula, ndi momwe mungaiyesere

Mitengo ya ma SSD imakwera n'kutsika potengera msika wa dziko lonse, ndipo kwathu kuno imatsatiranso mphamvu ya kwacha ndi kupezeka kwa ndalama zakunja. Choncho funsani masitolo angapo sabata yomweyo, ndipo yerekezani pogawa mtengo ndi ma GB, osati mtengo wa pabokosi wokha. Ambiri amatuma abale a ku Johannesburg kapena ku Britain kuti awagulire. Zimatchipa ndithu, koma kumbukirani kuti waranti ya zaka 5 ija idzafuna kuti SSD ibwerere komwe idagulidwa pamodzi ndi lisiti. Sitolo ya m'tauni mwanu yomwe ikulemberani palisiti kuti ikafa m'miyezi 6 adzakusinthirani, nthawi zina imaposa waranti yaitali ya kutali. Auzeni alembe serial number ya SSD palisitipo.

Zachinyengo zilipo zamitundu iwiri. Zina zimavala dzina la kampani yotchuka, makamaka Samsung ndi Kingston, koma m'kati muli zinthu zotsika. Zina zimanama kukula: zimaonetsa 2TB pa kompyuta pomwe malo enieni ndi ochepa, ndipo mukapitirira malowo mafayilo amayamba kuonongeka mwakachetechete. SSD ya 2TB kapena 4TB yogulitsidwa pa mtengo wa 256GB, ya dzina lomwe mulibe tsamba lake pa intaneti, isiyeni pomwepo. Izi sizikutanthauza kuti dzina lililonse lachilendo ndi labodza. ADATA, Lexar, TeamGroup, PNY, Transcend ndi Silicon Power ndi makampani enieni okhala ndi ma SSD otsika mtengo.

Mukafika nayo kunyumba, musanaikemo chilichonse chofunika, iyeseni. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa dzina lenileni la disiki, serial number, maola omwe yakhala ikuyaka ndi kuchuluka kwa zomwe zidalembedwapo. Yatsopano iyenera kuonetsa maola ochepa kwambiri, ndipo serial number ifanane ndi ya pachikuto. Ya Samsung muthanso kuiyesa ndi Samsung Magician, yomwe imanena ngati ili yeniyeni. Pofuna kutsimikiza kukula, gwiritsani ntchito H2testw. Imadzaza disiki yonse kenako n'kuwerenga zonse zomwe yalemba. Zimatenga maola, koma ngati 1TB yanu ili ya 128GB mudzadziwa lisiti likadali latsopano.

Za kaunjika nazo zilipo, zochotsedwa m'malaputopu a m'maofesi akunja, ndipo zina ndi zabwino kwambiri chifukwa zimakhala za Samsung, Micron, SK hynix kapena Intel. Pitani ndi CrystalDiskInfo pa fulashi muiyese pamaso pa wogulitsa. Health Status ikhale Good, makamaka yoposa 90%. Akakana kuti muiyese, mwayankhidwa kale.

Kuiika

Koperani kaye mafayilo anu ofunika pa disiki ina. Ngati BitLocker, loko wa Windows wokhomera disiki, ndi yoyatsa, sungani recovery key yake, nambala yotsegulira, pa foni kapena papepala, apo ayi disiki yakale ija idzakukanani mukadzafuna kuitsegula.

Pali njira ziwiri zosamutsira Windows. Yoyamba ndi kukopera disiki yonse momwe ilili. Mufunika kawaya ka SATA kopita ku USB, kapena kabokosi ka USB koikamo disiki, ndipo zomwe zili pa disiki yakale zisapose kukula kwa SSD. Samsung ili ndi chosamutsira chake mu Magician, pomwe Crucial, WD ndi Kingston amapereka Acronis yaulere kwa ogula ma SSD awo. Clonezilla ndi yaulere kwa aliyense, koma imavuta posamutsa kuchoka pa disiki yaikulu kupita pa yaing'ono, zomwe ndi zomwe ambiri amachita. Njira yachiwiri ndi kuika Windows yatsopano kuchokera pa fulashi ya 8GB yokonzedwa ndi Media Creation Tool ya Microsoft. Ine ndimakonda imeneyi pa laputopu yogula kwa munthu wina, chifukwa simudziwa zomwe eni ake akale adasiyamo. Imadya ma GB angapo a bandulo, ndiye pezani Wi-Fi. Ikani mtundu womwewo womwe udalipo, Home kapena Pro, kuti laisensi ibwerere yokha mukalumikiza intaneti.

Zimitsani kompyuta kwathunthu, zulani chaja, chotsani batire. Ngati batire lili m'kati, zulani kawaya kake mukangotsegula chivundikiro. Gwirani chitsulo china chake kaye kuti magetsi a m'thupi achoke, ndipo jambulani ndi foni musanamasule chilichonse. Tizomangira ta pansi pa laputopu sitikhala tofanana kutalika, ndipo kakatali kakalowa pa malo a kakafupi kamatha kuboola motherboard, choncho tiyaleni patebulo motsatira momwe tinalili. Hard disk imakhala m'kachimango kachitsulo kapena ka labala, ndipo kameneka musamutsire pa SSD. Ya M.2 imalowa mopendekeka pang'ono, kenako mumaitsitsa n'kumanga. Isakakamizidwe. Ikakana kulowa, onaninso mipata ya pamano ake.

Kompyuta ikayaka koma osaona SSD, lowani mu BIOS, tsamba la makonzedwe lomwe limatsegulidwa Windows isanayake, muone ngati yalembedwa pamndandanda wa ma disiki, ndipo muiike poyamba pa boot order, ndondomeko ya ma disiki omwe kompyuta imayakira. Pa makompyuta akale onetsetsani kuti SATA ili pa AHCI osati IDE, ndipo musinthe izi musanaike Windows yatsopano, chifukwa kusintha pambuyo pake kumalepheretsa Windows kuyaka.

SSD sifuna defrag, kusanja mafayilo komwe kumachitika pa hard disk. Windows imaizindikira yokha ndipo imaikonza m'njira yoyenera kudzera pa Optimize Drives, inu musaikepo mapulogalamu ena odzitcha ofulumizitsa. Siyani malo osadzaza, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo, makamaka pa yopanda DRAM. Kuthimathima kwa magetsi sikuvuta laputopu yomwe batire lake likadali lamoyo, koma kompyuta ya padesiki kapena laputopu yodalira chaja yokha imatha kuononga mafayilo magetsi akazima SSD ili mkati molemba. Ma SSD otchipa alibe chodzitetezera pa zoterezi, ndiye ka UPS kakang'ono, kabokosi ka batire kopatsa kompyuta magetsi akathima, kapena batire latsopano ndi mbali ya ndalama zomwe muyenera kuwerengera.

Hard disk yakale ija musaitaye. Iikeni m'kabokosi ka USB, ndipo mukatsimikiza kuti zonse zasamuka bwino, muisandutse yosungirako makope. Izi n'zofunika chifukwa hard disk nthawi zambiri imayamba yachenjeza ndi phokoso kapena kuchedwa isanafe, pomwe SSD imatha kungozimiririka m'mawa wina osapereka chizindikiro, ndipo kupulumutsa mafayilo kuchokera pa SSD yakufa n'kovuta komanso kodula. Koperani foda ya Documents ndi zithunzi kamodzi pa sabata, kenako zulani disikiyo muisunge kutali ndi chikwama cha laputopu.